Akochi pa Mpanda

"Vulani jekete, akochi," anatero a tcheyamani.

A Malizani anadabwa, poti iwo anabwera kudzafunsidwa za mpira. Anyamata awo a pakoleji anali atangotenga chikho, ndiye timu yaikulu ya mu ligi inkafuna kuona ngati akochiwo akhwimadi kuti iwalembe ntchito. Akazi awo, a Idah, anawasitira suti n'kuwaperekeza kuchokera ku Chilomoni mpaka kubwalo la timuyo.

"Zophunzitsa mpira mumatha, tinamva," anapitiriza a tcheyamani. "Koma kuno si kukoleji. Ife sitilowera pageti, adani amakwirirapo mankhwala. Timu yonse imajowa mpanda, kochi patsogolo. Amene tamuchotsa uja tinkachita kumukankha kumbuyo. Ino ndi matipate, sitikukakamizani."

A Malizani anayang'ana mpanda wanjerwawo, anayang'ananso chimimba chawo. Ntchito yonona chonchi iwapulumuke chifukwa cha khoma? Anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuliyatsa liwiro. Abale inu! Bambo wamkulu uja kungogwira kamodzi, uyo ali pamwamba, uyo watsikira kuseri ngati mphaka.

Akomiti anawomba m'manja. "Ameneyu ndiye wathu! Lolemba muyambe ntchito."

A Idah okha sanawombe. Awiriwo anakwera minibasi kubwerera ku Chilomoni. Atatsika, mayiwo anapatukira kwa aneba, n'kutulukako ndi makwerero paphewa.

"Nanga zimenezi n'zachiyani, mayi?" anafunsa a Malizani.

"Zaka zonsezi denga likudontha, inu mukuti msana sukulolani kukwera," anatero a Idah, akutsamiritsa makwererowo kukhoma la nyumba. "Vulani jekete, akochi."