Nyanja ya m'Beseni

Kachisanu tsopano, Florah anakankha madzi ndi chivindikiro cha poto. Funde linayenda m'beseni n'kukamenya thanthwe la mchenga womata ndi ufa limene anaumba dzulo. Madzi analowa m'kaphanga kamunsi, n'kutumphukira pakabowo kapamwamba, mpaka kunyowetsa tebulo la kukhitchini.

Dalia sanaone. Maso anali pafoni.

Florah anameza mawu amene anayamba kumubwerera. Zaka ziwiri zogwira ntchito m'nyumba ya eni kunja kwa dziko, kudera la Al Muraqqabat, zinamuphunzitsa kumeza.

"Tiyambirenso," anatero. "Chimaboola thanthwe n'chiyani?"

"Mphepo?"

"Mafunde."

"Khalas, basi, Florah! Mutu ukundiwawa. Zamiyalazi zandikwana ine."

Dalia anagwetsa chipumi patebulo, akumenyetsa zidendene kumpando. Kumtunda anavala malaya amene Florah anasita m'mawa, kumunsi buluku logonera la timaluwa. Chiyambire mliri wa korona sukulu inasamukira pakompyuta, ndipo kamera imathera pachifuwa.

Kunatsala mphindi makumi awiri. Ikakwana naini, ahedi alowa m'kalasimo kudzadzimvera okha mmene Dalia afotokozere za nyanja ndi matanthwe. Bwana wapakhomopo anali atanena kale, osakweza mawu, akuvala masiki potuluka: Dalia akalephera lero, m'nyumba muno simufunikanso wantchito. Ndege zakumudzi zinali zitaima. Florah akanalowera kuti? Ku ofesi ya ejenti amene anamupezera ntchitoyi, kukagona pansi ndi atsikana ena khumi.

Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti chibowo chenichenicho cha pathanthwe la kunyanja Dalia anachiona ndi maso ake. Chaka chatha banja lonse linapita ku Mughsail, ku Oman, Florah atasenza zikwama. Pansi panagunda ngati ng'oma, kenako nyanja inalavula madzi kudzera pathanthwe, m'mwambamo. Florah anangoima kukamwa yasa. Zimene anawerenga zaka zinayi kuyunivesite ku Zomba, osapeza nazo ntchito, zinali kumunyowetsa kumaso. Dalia anathawira m'galimoto, akulira kuti tsitsi lawonongeka.

Florah analanda foni ija mwaulemu n'kuiika pamwamba pa firiji.

"Nyanja ilibe nyundo," anatero. "Ili ndi nthawi basi. Funde limapeza mng'alu. Limamenya pomwepo, lero, mawa, zaka zikwizikwi. Mng'alu umasanduka phanga. Funde likalowa, mpweya wa m'phangamo umasowa kothawira, ndiye umakankha denga mpaka libooke. Madzi amatsatira njira yomweyo."

"Nanga thanthwelo silimagwa?"

Florah anadzidzimuka. Funso loyamba lanzeru chiyambire Lolemba.

"Limagwa. Likadyedwa kunsi, kumtunda kumakhala opanda chotsamira. N'chifukwa chake gombe limabwerera m'mbuyo."

"Ndiye ndinene kuti mphepo ndi imene..."

"Mafunde!"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene amayenera. Dalia anayamba kusisima. Florah anatseka maso n'kuwerenga mpaka khumi. Anaganiza za thanthwe la ku Mughsail, lomenyedwa usana ndi usiku osayankha, mpaka tsiku limene linabooka pamutu. Kenako anatenga cholembera, n'kulemba papepala mawu anayi akuluakulu: MAFUNDE, MNG'ALU, PHANGA, CHIBOWO. Analimata ndi tepi m'munsi mwa kamera.

"Zongowerenga izi. Mwadongosolo lake, osadumpha. Zabeseni ndizisamala ine."

"Inshallah, Mulungu akalola," anatero Dalia, akupukuta mphuno. Anakoka kompyuta, n'kukonza kolala.

Florah anagwada pansi pa tebulo pomwe kamera sifika, dzanja limodzi lokha lili m'beseni, litagwira chivindikiro. Mawondo ankawawa pa matailosi. Anakumbuka mwezi umene sukuluyo inachotsa aphunzitsi theka, otsalawo n'kuwagawira maphunziro ngati zovala zakaunjika, chokukwana ndi chosakukwana chomwe.

Kompyuta inalira. Florah anakanda mwendo wa buluku la timaluwa lija.

"Yalla, tiyeni, Madamu," ananong'oneza mkazi wa bwana wakeyo.

Nkhope za ana makumi atatu zinadzaza kompyuta yonse, ahedi ali pakona.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi a Dalia!"