Tikiti ya Feliya Matiki

Panali mayi wina wa ku Milange, dzina lake Ofélia Julião Nacuala. Masana ena ankasenda nandolo pakhonde pamene foni inalira. Anali Celeste, mnzake wa paubwana, amene ankakhala ku Zanzibar.

Awiriwa anakumana ali atsikana pa msasa wa othawa nkhondo ku Chiringa, m'dziko la Malawi. Ofélia anafika kumeneko ndi amalume ake, a Matiki, ndipo wolemba mayina anamuika pa khadi lawo la chakudya kuti Feliya Matiki. Kusukulu, kumjigo ndi kukwaya ankamuitana choncho. Mtendere utabwera iye anabwerera kwawo n'kutenganso dzina la bambo ake. Celeste anakwatiwa ndi dalaivala wa ku Tanzania amene ankabweretsa chimanga pamsasapo, ndipo anapita naye. Kwa zaka zoposa makumi atatu ankangomvana mawu.

Tsikulo Celeste ananena kuti thupi silikumumvera kwenikweni, kenako anasintha nkhani.

"Feliya, bwera udzaone nyanja. Kuno madzi amachoka n'kusiya maboti pamchenga, kenako amabwerera okha. Tikiti ndagula kale."

Ilda, mwana wa Ofélia, ndi mphunzitsi. Tikiti itafika pafoni yake anaiwerenga kawiri, n'kutsegula pasipoti ya mayi ake. Anawauza kuti mayinawo sakufanana, ndipo ndi bwino kuwadziwitsa a Celeste nthawi ikadalipo.

Ofélia anakana. Anati pa malire a Muloza amawoloka chaka ndi chaka, ena amamuitana Ofélia ena Feliya, ndipo palibe anamubwezapo. Anati akakafika adzafotokoza, anthu amamva.

"Amayi, ndege si Muloza."

"Ndiye ndimuuze Celeste kuti dzina langa salidziwa? Munthu amene tinkafunda bulangeti limodzi?"

Ilda anabwerezanso tsiku lina, kenako anasiya.

Masiku otsalawo Ofélia ankangoganiza za madzi. Akamapalira ankaima n'kuyang'ana kumunsi kwa munda, ngati kuti nyanjayo itulukira kuseri kwa nthochi. Anamanga nandolo wouma m'kathumba, poti Celeste anati wa kumeneko sakoma chimodzimodzi.

Anawoloka pa Muloza m'mawa, nakwera minibasi mpaka ku Limbe, n'kukafika ku bwalo la ndege la Chileka nthawi ilipo yambiri. Mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pasipoti, anayang'ana pa kompyuta, n'kunena mwaulemu kuti tikitiyo ndi ya munthu wina. Ofélia anafotokoza za nkhondo, za amalume ake, za khadi la chakudya. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndakumvani, mayi, ndipo ndikukhulupirira. Koma Feliya Matiki alibe pasipoti."

Ndegeyo anaionera pawindo. Inanyamuka, inachepa, inalowa m'mitambo.

Atamuimbira Celeste, mnzakeyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye zaka zonsezi ndimacheza ndi ndani?"

Kukonza tikiti ina kunatenga masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Sabata yoyamba ankayankhulana tsiku lililonse. Yachiwiri mawu a Celeste anayamba kufupika. Kenako ankayankha ndi Graça, mwana wake, kuti amayi agona.

Ulendo wachiwiri palibe anamufunsa kanthu. Ali m'mwamba anaona phiri la Mulanje lili pansi pake, ndi mtsinje wa Ruo ngati ulusi wotayika m'udzu. Anafunafuna pamene panali msasa koma sanapazindikire. Mitambo inayala mbali zonse, ndipo iye ankangoona atsikana awiri akuyenda pamwamba pake atasenza zidebe.

Ku Dar es Salaam anakwera sitima yapamadzi. Anakhala panja, kathumba ka nandolo kali pamiyendo. Mtunda unatha, panatsala madzi okhaokha obiriwira, ndi maboti a matanga oyera amene ankaoneka ngati sakuyenda. Ananyambita milomo, anamva mchere. Ankakonza mawu oyamba oti akamuuze mnzake, koma onse ankamuthawa.

Padoko panali anthu ambiri. Pakati pawo panaima mayi wachitsikana wa nkhope ya Celeste, atakweza pepala. Ofélia anayang'ana kumbuyo kwake, anayang'ana m'mbali.

Mayiyo anali Graça. Anamugwira dzanja n'kumuuza motsitsa mawu kuti amayi anawaika m'manda Lachisanu. Tsiku limene Ofélia anafikalo linali Lachitatu. Ofélia anafunsa chifukwa chake sanamuimbire.

"Anandiletsa, azakhali. Anati mukamva simubwera, ndipo nyanja simudzaiona."

Anakhala masiku anayi. M'mawa uliwonse ankapita kugombe kukaona madzi akuchoka, n'kudikira mpaka abwerere. Nandolo uja anamusiyira Graça.

Pepala lija anabwera nalo ku Milange, ndipo amalisunga m'kati mwa pasipoti. Celeste analilemba yekha ali m'chipatala, zilembo zake n'zopendekera. Pamwamba anayamba kulemba kuti Ofé, n'kufufuta. Pansi pake analemba kuti Feliya.

Phunziro: Ambiri mwa ife a m'malire tili ndi mayina awiri, lina la kuno lina la kutsidya. Musanayende, onetsetsani kuti dzina la pa tikiti ndi lomwe lili pa pasipoti, chilembo ndi chilembo. Mwana wanu akakuuzani kuti pepala lalakwika, mumvereni, ndipo musachite manyazi kumukonza mnzanu. Munthu amene sapempha kanthu akakuuzani kuti bwerani, musataye ngakhale tsiku limodzi. Tumizani uthengawu kwa amene ali ndi mnzake kutali.