LEMOVE wa a Justus

Panali munthu wina ku Zomba, m'mudzi uja tauni inaumeza kale cha kuseri kwa Zakazaka, dzina lake a Justus. Mlamu wanga amene wanditumizira nkhaniyi akuti anaona ndi maso ake. A Justus anali ndi golosale m'mphepete mwa msewu, ndipo pakhoma pake anadzilembera okha ndi penti yofiira kuti JUSTUS GLOCELY & LESTAULANT. Aphunzitsi a ku Masongola akamadutsa ankachita kugwira nthiti ndi phwete, koma eniake ankati ndi nsanje chabe.

Kuseri kwa golosaleyo kunali puloti ya mayi wina wamasiye, Mwanamvua, wogulitsa zipatso zopikula kuphiri. Mayiyu anamanga nyumba ya zipinda zitatu, njerwa imodziimodzi, zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ankamuseka chifukwa asanakumbe fandeshoni anathera nsapato kukhonsolo kufuna chidindo pa pulani yake, chonsecho mudzi wonse umangomanga amfumu akaloza ndi chala.

A Justus anafuna puloti ija kuti amangepo holo yoonetseramo mpira. Mwanamvua anakana. A Justus atamulondola mpaka pamjigo n'kumamukakamiza pagulu, mayi uja anati, "Yambani mwagulitsa mimba yanuyo, a Justus, ndi imene ikukutherani malo."

Azimayi anaseka mpaka ndowa kutayika. A Justus analumbira mumtima kuti nyumba imeneyo aigula pamtengo wa nkhuku.

Masiku amenewo a khonsolo ankayenda kulemba X wofiira pa nyumba zomangidwa popanda chilolezo, ndipo eninyumba ena akangomuona ankagulitsa msangamsanga nyumba isanagumulidwe. A Justus anatulutsa chitini chawo cha penti chija. Akazi awo a Peace anawafunsa kuti kodi golosale yawoyo ili ndi pepala lanji, n'kuwachonderera kuti asaputane ndi anthu a mapulani. Abambo anatukumula chifuwa, amvekere a khonsolo onsewo amamwa tiyi pa lesitilanti yawo, ndipo Chizungu cha boma amachidziwa kuposa loya.

Lachisanu masana, Mwanamvua ali kuphiri, mudzi wonse uli kumaliro, a Justus analemba chi-X chachikulu ngati chitseko pa nyumba ija. M'munsi mwake anawonjezera kuti LEMOVE BY ODA.

Mwanamvua pobwera, dengu linagwa, mapichesi mbwee pabwalo. Analira ngati amuna ake amwaliranso kachiwiri. Posakhalitsa a Justus anatulukira manja kumbuyo, nkhope ya mlaliki wa pamaliro.

"Pepani mayi, boma ndi boma. Komabe ine ndine wachifundo. Nditha kugula kabwinjaka katapila wogumula nyumba asanafike."

Mayi uja anapukuta misozi ndi chitenje n'kuyang'anitsitsa pakhoma. Kenako anazungulira kumsewu, anayang'ana chikwangwani cha golosale, n'kubwerera. Penti yomweyo. L yemweyo. E wa mano anayi ngati chipeso, yemweyo. Anajambula zonse ziwiri pafoni, n'kuwauza a Justus mwaulemu kuti amupatse masiku aganize kaye. Abambo anapita akuimba mluzu, m'mutu akuyala kale mabenchi.

Lolemba m'mawa Mwanamvua anali kukhonsolo, pulani yake yachidindo ili m'jumbo. Mkulu woona za mapulani, a Luka, ataona zithunzi zija anaseka mpaka magalasi kugwa, n'kuitana ofesi yonse kuti idzaone. Anamutsimikizira kuti zimenezo sanalembe ndi iwo. Mwanamvua yekha sanaseke.

"Bwana, mubwere mudzaone nokha. Ndipo musaiwale tepi yanu yoyezera, yaitali ija."

A Luka anabwera Lachitatu. Anayeza nyumba ya Mwanamvua, zonse zili m'malo mwake. Kenako anatembenukira ku golosale n'kupempha pulani. A Justus anatulutsa zakumwa zozizira. A Luka anapemphanso pulani. A Justus anati malowo anawapatsa ndi amfumu. Atapempha kachitatu, a Justus amvekere inadyedwa ndi chiswe. A Peace anangoima pakhomo atapinda manja, akuyang'ana kuphiri.

Tepi inayambira pakati pa msewu. Inadya khonde, inadya kauntala, inadya mashelefu a sopo, inakaima kuseri kwa firiji. Zonsezo zinali m'malo osungira msewu. Lesitilanti nayo inapezeka kuti inakhala pamwamba pa ngalande. Apa ndi pamene anthu anazindikira chimene madzi a mvula ankalowera m'nyumba zawo chaka ndi chaka, ndipo amene anabwera kudzawapepesera a Justus anayamba kuthandiza kugwira tepi.

A Luka anatenga penti yawo, analemba X pakhoma la golosale, m'munsi mwake REMOVE. Anapereka masiku makumi atatu kuti agumule okha, apo ayi katapila abwera. Za kudzisandutsa khonsolo anati zimenezo akafotokoza kupolisi.

Tsiku logumula Mwanamvua anatulutsa mpando, anakhala pabwalo pake ndi nzimbe yaitali ngati mzati wa magetsi. A Justus ali pamwamba, hamala m'manja, thukuta kamukamu, mimba ija ikulendewera. Atafika pa khoma lolembedwa REMOVE lija, mayi uja analavula zikhutu n'kuwaitana mwachifundo chenicheni.

"A Justus, pamene pali R-po musagumule msanga. Musiyepo kaye, muziphunzirira."

Lero nyumba ya Mwanamvua ikuonekera pamsewu, ndipo zipatso akugulitsira pakhonde. LEMOVE uja anakana kumufufuta. Akuti pa zokongoletsa zonse za nyumba yake, chimenechi chokha ndi chimene anachipeza chaulere.

Phunziro: Musanamange, pitani kukhonsolo pulani yanu ikadindidwe, ngakhale amfumu akupatseni malo. Ndipo inu amene nyumba yanu ilibe pepala, siyani kukonzera anzanu chiwembu, chifukwa tepi ikafika siyeza nyumba imodzi. Akazi anu akamakuchenjezani, mverani. Tumizirani anzanu onse, makamaka aja amasunga penti yofiira kuseri kwa chitseko.