Chotupa pa Tayala la Kutsogolo

Galimoto inali itakwezedwa kale m'mwamba pamene Traian Mocanu, mwini galaja ya matayala, anachiona chotupacho. Chinali m'mbali mwa tayala la kutsogolo kumanja, chachikulu ngati dzira la bakha. Tayala silitupa chonchi ndi kadzenje wamba. Limatupa likamenya mwala wa m'mphepete mwa msewu galimoto ili pa liwiro.

"Onse anayi," anatero mwini galimotoyo, Sever Ilieș. "Lero lomwe."

Sever ankagula mitengo m'nkhalango za kumtunda kwa tauni ya Câmpina. Anali munthu wa khosi ngati la ng'ombe, ndipo ngakhale alonda a nkhalango ankayamba ndi iwo kumupatsa moni. Galimoto yake inali yakuda, yachijeremani, yokoka ndi mawilo onse anayi. Chilombo chotere sichilola tayala limodzi latsopano pakati pa atatu akale. Ukachikakamiza, chimakukuta zitsulo za m'mimba mwake. Choncho pempho la Sever silinali lachilendo.

Chachilendo chinali sabata yake. Lamlungu m'mawa, pa khona la kumtunda kwa mlatho, galimoto ina inagunda mayi Ilinca, wogulitsa uchi m'mbali mwa msewu, n'kupitirira osaima. Maliro anaikidwa Lachinayi. Apolisi anapeza zidindo za matayala m'matope osakanikirana ndi chipale, anazijambula, anaziyeza. Tauni yonse inkadziwa zimene anapeza: matayala otakata, a nyengo ya chisanu, a mizere yonga mivi. Ndendende amene anali kulendewera pamaso pa Traian Lachisanu limeneli.

Traian anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale analibe girisi.

"Tiveke otani, bwana?"

Anakunkhuniza matayala atatu n'kuwaimika pakhoma. Onse anali a saizi yoyenera, opirira liwiro la galimotoyo.

"Awa ndi achitaliyana. Pa ayezi amakakamira ngati nkhupakupa, koma nyengo ziwiri basi atha. Awa achikoreya, otchipa, a munthu wongopita kumsika. Awa ndi a ku Finland, olimba, kungoti amalira pa phula."

Sever sanayang'ane n'komwe mitengo ya matayalawo. Ankatafuna njere za mpendadzuwa, makoko akulavulira pa simenti.

"Ndipatse alionse amene mizere yake siyofanana ndi iyi," anatero, akuloza m'mwamba ndi chibwano. "Masiku ano anthu sakundiyang'ana kumaso. Akundiyang'ana kumawilo."

Traian anamusankhira a ku Finland.

M'galajamo munalibe wina aliyense. Traian anamasula wilo loyamba, lachiwiri, makina akulira, ndipo nthawi yonseyi ankamva kupuma kwa Sever kumbuyo kwake. Kawiri konse nati inamupulumuka m'manja. Maganizo ake anali pa chinthu chimodzi: matayala akalewo asatuluke pakhomo pano. Sever akangopita nawo m'galimoto yake, iye sadzawagwiranso.

Atamanga wilo lomaliza, anayamba kukunkhunizira akalewo kukhomo la kuseri, mwachizolowezi, ngati palibe nkhani.

"Ukupita nawo kuti, madala?"

"Musavutike nawo, bwana. Angodetsa mipando yabwinoyo. Lole yotolera zakutha imadutsa Lolemba."

"Wawakonda?"

"Ayi, ndi lamulo chabe. Akale amatsala pagalaja."

Sever anaseka, koma maso ake sanaseke nawo.

"Lamulo! Iwe amene umalipiritsa anthu mpweya wopopera? Wabatizidwanso liti? Bwera nawo kuno."

Traian anaima atagwira tayala lotupalo pakati pa mawondo.

"Ndiye ndisiyireni ili lokha. N'lowopsa. Silingagwirenso ntchito kwina kulikonse."

"Limenelo ndiye ndikulifuna kuposa onse."

Sever anatsitsa yekha galimoto, anapinda mipando yakumbuyo, n'kuyamba kulongeza. Tayala lililonse analikulunga m'pulasitiki mosamala, ngati nyama yochokera kubutchala. Lotupalo analitenga pomaliza. Sanalilande. Anangotambasula dzanja n'kudikira, mpaka mawondo a Traian analekerera okha.

Kenako Sever anawerama n'kulowetsa mutu m'galimoto, msana wonse uli poyera. Traian anazindikira kuti m'dzanja lake muli sipanala yaikulu ya mawilo. Sanakumbuke kuti waitola liti. Anayang'ana foni patebulo. Anayang'ana kumsewu, kumene kunali kudutsa nkhalamba imodzi yokha ndi galu wake. Anayang'ananso nkhongo ya Sever.

"Ika pansi chimenecho," anatero Sever osacheuka. "Ungadzivulaze."

Sipanala inalira pa simenti.

Sever anatseka chitseko chakumbuyo, analipira ndi khadi, n'kukhala pa chiwongolero. Injini inabangula, zitini za pashelefu zinanjenjemera. Galimoto inasuntha pang'ono, matayala atsopano akutswanya makoko a mpendadzuwa, kenako inaima pakhomo. Galasi linatsika.

"Apolisi akuwadikira matayala akalewa pa thu koloko," anatero Sever. "Dzulo anandipanikiza maola asanu, mpaka ndinawaonetsa lisiti lako. Matayalawa ndinakusungitsa mu Epulo, chisanu chitatha, ndipo unandivekeranso Lachitatu lapitali."

Analavula khoko lomaliza.

"Tsono akufuna kumva kuti Lamlungu anatsika bwanji pashelefu yako n'kukafika kumlatho. Galimoto yako yofiira ija, ya mawilo ngati angawa, waibisa kuti, madala?"