Theka la Mpingo Lamwalira pa Kompyuta

"Ndamwalira liti ine?" anakalipa Mayi Melina atamanidwa ufa wachithandizo kutchalitchi cha ku Kambuzuma.

Bambo Chiza, mlembi wa mpingo, analoza kompyuta. Mitu ya mndandanda inkasowa akamatsitsa mayina, ndiye anailemba papepala n'kulimata pamwamba pa sikirini. Koma mndandanda utasunthira kumbali, theka la mpingo linagwera pansi pa "Omwalira".

Mayi Lorraine, amene ankataipa kufakitale isanatsekedwe, anatuluka pamzere. "Chotsani pepalalo, bambo. Mukadina apa, mitu imakhazikika yokha."

Asanadine, magetsi anathima.

"Mwaona?" ananyadira Bambo Chiza. "Yanga ikuonekabe!"

"Ndiye ine ndiuka liti?" anafunsa Mayi Melina.

"Magetsi akabwera, mayi. Kawirikawiri ndi tsiku lachitatu."