Yemwe Ankasungunula Phala la Bwanausi

Bwanausi ankati chibadwire palibe anamupusitsapo. Anagulitsa nsomba ku Cuamba, anasenza matumba padoko la Nacala, anasoka nsapato ku Joni, ndipo konseko akathyali ankamuopa. Tsopano anali ndi baraka yakeyake pasiteshoni ya Entre Lagos, kashopu kogulitsiramo phala la mpunga kwa apaulendo.

Koma phalalo linkamuchititsa manyazi. Mkazi wake Tausi ankaliphika lolimba, loti supuni n'kuima chilili. Pofika nthawi ya sitima, mundowa munali madzi okhaokha. Ogula anayamba kulambalala.

"Alipo akutapa phala n'kuthiramo madzi," anatero Bwanausi, diso lili pa mlamu wake Nafisa, mayi wamasiye amene ankawathandiza kugulitsa.

Sikuti Bwanausi ankagona. Chitsegulire baraka, ola lililonse ankavundukula ndowa, kulawa, kutakasa, kuvindikira. Phala linkasungunukabe.

"Ngakhale ku Joni sindinaone dzanja lachangu ngati la mlamu wangayu," ankauza aliyense.

Kenaka unafika mwezi wa Ramadani. Banja lonse linayamba kusala, koma phala la apaulendo linkaphikidwabe. Tsiku loyamba linakhala lolimba mpaka madzulo. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu Bwanausi anavina pakhomo pa baraka, mkanjo uli petupetu.

"Mwaonatu? Wakuba waopa Mulungu mwezi uno. Umboni wina wa chiyani? Mlamu, mangani katundu, mawa mubwerere kwanu ku Chiuta."

Ku Chiuta Nafisa analibe munda ngakhale nyumba. Anakhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Pabenchi panali Hélio, namwino wa pachipatala, akudya phala lake. Atamva nkhani yonse anapukuta pakamwa.

"A Bwanausi, phala limasungunuka ngakhale popanda madzi. Chakudyatu chimayamba kugayika m'kamwa, chisanafike m'mimba. M'malovu muli tinthu tosaoneka, ife timati maenzima. Tinthu timeneti timaduladula phala kuti lisanduke shuga, thupi lithe kulitenga. Malovu pang'ono akalowa m'phala lofunda, tinthuto timagwira ntchito yomweyo mundowamo."

"Zimenezo ndinazimva kalekale ku Nacala," anatero Bwanausi, chifuwa chili patsogolo. "Ndiye kuti mlanduwu wakula. Mlamu wanga amalavulira m'phala langa."

Tausi, amene ankatsuka makapu, anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamira mzati.

"Mng'ono wanga sadya n'komwe phala la mpunga, limamutsegula m'mimba. Pano pali munthu mmodzi yekha amene amanyambita supuni n'kuibwezera mundowa, ndipo lero ndi tsiku lachitatu asanaike kanthu m'kamwa masana. Mwamugwiradi wakuba wanu, bambo."

Nafisa sanapite ku Chiuta. Pa Idi, wakubayo anamupepesa ndi zitenje zitatu za kapulana, ndipo mpaka lero amauza apaulendo kuti mlandu umene unakanika aliyense anauthetsa yekha.