Mwala wa a Ishaq

Pofika masana katapila yokumbira msewu inali itatsala ndi maola atatu okha kuti ibwerere kwa eni ake, ndipo a Ishaq anali chikhalire patsinde pa mwala. Lilian, injiniya woyang'anira ntchitoyo, atawaona anatsonya.

Boma linali litatulutsa ndalama zomangira njira ya njinga yochokera ku Manje, kudzera ku Zingwangwa mpaka m'tauni, kuti akabaza ndi ogulitsa makala asiye kulimbirana msewu ndi maminibasi. Ndalamazo zinali zoperewera, monga mwa masiku onse. N'chifukwa chake pojambula mapu Lilian anakhotetsa njirayo pang'ono kuti ilambalale mwalawo, chimwala chachikulu ngati nyumba ya zipinda ziwiri, chimene namondwe wa Freddy anachigubuduza kuchokera m'phiri la Soche. Kukhotetsa njira kunali kwaulere, pomwe kusuntha mwala kunkadya mafuta ndi nthawi ya makina.

Koma a Ishaq, mkulu wokhoma zidebe ndi mbaula, anakana kwamtuwagalu. Msonkhano uliwonse ankakhala kutsogolo, mawu awo ali amodzimodzi: njira iwongoke. Ankati pokhotapo m'potsetsereka, wanjinga wonyamula matumba atatu a makala adzathyokapo khosi. Munthu woti njinga sadziwa n'kupalasa komwe! Lilian atafufuza anamva kuti mwalawo uli pa puloti yawo, ndipo nkhani yonse inaoneka poyera. Njira ikadutsa pa puloti ya munthu boma limapereka chipepeso, ndipo madala a m'tauni muno ndalama amayinunkhiza ikadali ku Lilongwe.

Chimene chinamuwawa kwambiri chinali komiti ya m'deralo. Anthu khumi ndi awiri, Akhristu ndi Asilamu, amene amatha tsiku lonse akukangana za malo oika mjigo, pa nkhani iyi anakweza manja onse pamodzi, maso ali pansi. Lilian anadziwa kuti chibanzi chayenda. Pa pepala anagonja, koma mumtima anali ndi pulani yake: makina ayambire kumtunda, mwala ukhale womalizira, nthawi ikatha njira idzakhota yokha.

Masabata awiri onse amene makina anali pamalopo a Ishaq sanatsegule shedi yawo. Ankafika m'mamawa n'kukhala pamenepo, kuyang'ana makina akugwira ntchito chapatali. Anali atawonda, makwinya atachuluka. Malowo anali omvetsa chisoni ngakhale dzuwa likuwala: maziko a nyumba opanda makoma, mapapaya akupsa pabwalo popanda wothyola. Lilian sankakonda kuyang'ana zimenezo, ankayang'ana mapu ake.

Itakwana wani koloko mkuluyo anadzuka n'kubwera pamene panaima Lilian.

"Mayi injiniya, ndamva kuti makinawa akupita lero."

"Eya bambo, folo koloko."

"Nanga mwalawu?"

"Tikapeza nthawi. Koma ndikuuzirenitu, chipepesocho si chambiri ngati mmene mukuganiziramo."

A Ishaq anamuyang'ana. Kenako munthu wa imvi uja, wamsinkhu wa bambo ake omubereka, anagwada pa dothi antchito onse akuona.

Lilian anagwidwa manyazi, mkwiyo nawo n'kubwera pomwepo. Munthu wamkulu kudzitsitsa chonchi chifukwa cha ndalama! Anakodola Steve, dalaivala wa katapila.

"Tawachotserani mwala wawowo, a Steve. Tatopa nazo."

Mwala sunafune kuchoka. Steve anakumba mbali iyi, n'kukumba mbali inayo, makina akulira ndi kutulutsa utsi wakuda, koma chimwalacho chinangoti phee. Ola linatha, lachiwiri n'kutsatira. Lilian ankangoyang'ana wotchi, akuganiza za kalata imene adzalembere mabwana ake kufotokoza mafuta otayika pa puloti ya munthu mmodzi.

Anthu anali atayamba kusonkhana. Anabwera a komiti, amayi ogulitsa tomato, akabaza atatsamiritsa njinga zawo pa mtengo. Panalibe wokuwiza, panalibe woseka, zomwe n'zachilendo ku Blantyre kuno, kumene ngakhale galimoto yotitimira m'matope imapeza oichemerera. Lilian anaganiza kuti abwera kudzadikira gawo lawo.

Kutatsala mphindi khumi kuti folo ikwane, mwala unapendekeka. Unaima kaye ngati ukuganiza, kenako unagubuduka n'kukagwera m'ngalande, nthaka yonse kunjenjemera. Steve anazimitsa injini.

Lilian anatulutsa fomu ya chipepeso m'chikwama n'kupita nayo kwa a Ishaq, cholembera chili m'manja. "Sainani apa bambo, tithane nazo."

Mkuluyo pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Kumbuyo kwake azibambo anali kutsikira m'dzenjemo ndi makasu, akupalasa dothi pang'onopang'ono, ena ndi manja. A Ishaq anali kumasula jumbo, n'kutulutsamo nsalu yoyera ya sanda, yopindidwa bwino.

"Mkazi wanga Hajara ali pansi apa chaka chachitatu tsopano, mayi," anatero, misozi ikutsikira m'ndevu. "Makina omukumbira ndinapempha paliponse, ankati ndalama palibe. Ndalama zimene zinabwera ndi za njingazi."